Mphatso ya Pakhomo

Uthenga wa Mai Chikwanha unafika Lachitatu:
tebulo ndi madola khumi ndi asanu,
nsalu yoyalapo ubweretse wekha,
ndipo wogulitsa aliyense apereke kanthu kamodzi
koti olowa pakhomo achitire mayere.
Kanthu kamodzi.
Amalemba ngati katundu amamera kuseri kwa nyumba.

Kuno ku Mufakose magetsi anathawa mbandakucha.
Ndayala katundu yense pabedi, kandulo pazenera,
ndikumuyang'ana ngati ana
oti mmodzi akakhale kwa azakhali.

Pali mafuta odzola onunkhira mandimu.
Agona m'katoni kuyambira Isitala,
palibe anafunsapo ngakhale mtengo.
Dzanja langa lapitako lokha.
Koma wopambana akawatsegula m'kombi,
anzake n'kukwinya mphuno,
dzina langa lidzatsikira pa Copacabana
litavala fungo limenelo.

Pali sopo wakumaso, titatu m'kabokosi.
Ngwabwino, koma pa tebulo la mphatso,
pakati pa keke yosanja kawiri
ndi bulangete la mayi wa ku Glen View uja,
adzaoneka ngati chenji.

Ndaziona akuti, Amayi, perekani ambulera ya kampani,
si munalandira ulere?
Mwana ameneyu masamu amakhoza.
Sakudziwa kuti nthiti imodzi inapindika
tsiku limene ndinathamangitsira galu wa eni nyumba.

Kwatsala fulasiki yofiira, ya patsamba lomaliza la buku.
Ndinaiitanitsa ndi madola asanu ndi anayi
amene anali a gasi.
Tiyi wothiramo tambala asanalire
amakuotchabe lilime dzuwa litapendeka.
Nyaradzo, amene anandilowetsa m'bizinesiyi,
amati mphatso ndi nyambo.
Iye ali ndi galimoto.
Nyambo yake sichokera m'mbale ya ana.

Akuti kupatsa n'kuika.
Sanena kuti ukuika m'thumba la yani.

Ndalemba nambala yanga pakapepala,
ndamata kunsi kwa fulasiki, selotepi kawiri,
ndamanga riboni yotsala pa ukwati wa mng'ono wanga.
Kandulo wazima ndisanamalize mfundo.

Loweruka, holo ya sukulu ku Belvedere,
jakaranda atathothokera pa magalimoto a ena.
Anthu akudutsa, akununkhiza, akubweza.
Ndamwetulira mpaka masaya kuuma.
Masana kamtsikana kapisa dzanja m'chidebe,
kavundula, katulutsa tikiti yobiriwira.
Makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri!

Nthungululu yachokera pa tebulo lachitatu kuchoka pa langa.
Mai Zvarevashe.
Kampani yathu yomweyi, buku lomweli, tsamba lomweli.
Anagula tikiti yapakhomo ngati mlendo.
Andikumbatira, andiuza kuti Mulungu andidalitse,
ine ndaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa.
Ola lachitatu lisanakwane
fulasiki yanga yaima pa tebulo lawo,
riboni atachotsa, pakhosi atapachika mtengo:
madola khumi ndi awiri.
Ndaona bambo wina wa jekete ya alonda akuwerenga ndalama.

Ndabwerera ndi chikwama cholemera monga ndinapitira,
kupatula sopo awiri ndi lipisitiki imodzi ya ngongole.
Ndaziona sanafunse kanthu.
Wangoyang'ana ambulera pa msomali.

Padutsa milungu iwiri.
Usiku, ndikuchapa yunifolomu, foni yalira.
Mawu a mwamuna, Chishona chaulemu, agalu akuuwa kumbuyo.
Akuti ali ku Kuwadzana,
nambala aipeza kunsi kwa fulasiki.
Tiyi imasunga bwino, akutero, mpaka kucha,
koma kapu yake yagwa pa geti n'kung'aluka.
Kodi mumagulitsa makapu okha?

Sitigulitsa.
Ndapukuta thovu m'manja, ndati ndifufuza.
Ndalemba dzina lawo m'kope, Bambo Mhlanga, mlonda,
pansi pa maina asanu ndi limodzi amene ndili nawo.
Kenaka, asanadule,
ndafunsa ngati mayi a kunyumba
amakonda fungo la mandimu.