Limba la ku Kawale

Kuseri kwa tchalitchi ku Kawale
kuli limba la mano achikasu,
dzino limodzi lidafa kalekale.
A Kaphwiti amatsegula buku lothetheka,
chiswe chidadya theka la dzina la mlembi.
Chotsala n'chakuti anali Mfalansa,
mphunzitsi wodziwa kufupika kwa tizala ta ana,
adalemba nyimbo zoyenda pang'onopang'ono
kuti wophunzira asapunthwe.

Ine ndimapunthwabe.
Panja kondakitala akuitanira za ku Depoti,
fumbi la Okutobala likulowa pazenera.
"Werenga chamumtima," amatero,
pensulo ikugogoda thabwa.
Ndikafika pa dzino lakufa lija
salola kuti ndilumphe:
ndiyimbe pakamwa.

Mfalansayo sadawolokepo Lingadzi,
manda ake sindiwadziwa,
koma m'nyimbo yake, Lachiwiri lililonse,
muli liwu limodzi langa.