Mapazi a Jailosi

Pa Mbare Musika, kuseri kwa mabasi a ku Mutoko,
Jailosi Kambwiri amayala chikopa
n'kuika chipewa chagada.

Kale ankatsogolera azungu m'chigwa cha Zambezi,
kuwerenga udzu wothyoka, kufwanyula ndowe ndi chala,
iye patsogolo, mfuti pambuyo.
Pa chithunzi chawo panangotuluka chigongono chake.

Lero mkango umene anauonera patali
ukuswana.
Lolemba unali umodzi,
pofika Loweruka yakwana isanu ndi iwiri,
yonse anaigwetsa ndi nkhwangwa
bwana ali njenjenje mumtengo.
Chipsera cha pakatumba,
chija cha waya wa pafamu ku Mazowe,
chasanduka dzino la ng'ona.

Anyamata okankha ngolo aimika katundu.
Makobidi ngwee! m'chipewa.

Usiku ku Matapi, masitepe atamudya maondo,
mdzukulu afunsa m'Chishona:
Sekuru, zinalidi choncho?

Iye apinda chikopa,
cha ng'ombe, chopakidwa utoto,
natsinzina, kufuna njira yeniyeni ija,
khwawa lija, m'mawa uja.

Zii.
Mlondola sakuwapezanso mapazi ake.
Wawapondaponda yekha.