Mwambi wa pa Madigadi

Ntchito yanga ndi penti.
Ndimakhala pakhonde la sitolo ya Che Mwanyali,
chakuno kwa mlatho, pomwe akabaza amadikirira
amayi otsika ku Namwera ndi madengu a tomato.
Ndimalemba nzeru pamadigadi a njinga.
Mwambi waufupi, faifi handiredi.
Wautali timakambirana.

Walira mvula walira matope.
Safunsa anadya phula.
Ena amabwera ndi yawoyawo, yopekera pabawo,
ine sindisankha,
ndimangofunsa: wofiira kapena woyera?

Bambo Kalilangwe ankafika dzuwa lili paliwombo
kudzabisala mumthunzi wanga.
Anaphunzirapo za unsembe zaka zinayi n'kusiya,
akuti kaamba ka namwali wa ku Malindi.
Kumeneko anachokako ndi mandala osweka mbali
ndi zilembo za Chihebri.
Tsiku lina ananditsomphola bulashi
n'kulemba pakatoni ya sopo,
kuyambira kumanja kulowera kumanzere.
Che Mwanyali anaseka mpaka kutsokomola:
"Inu mwaulipirira fizi ulendo umenewu?
Ana athu kumadrasa amauyenda ulele."

"Ahebri akale," anatero mkuluyo,
"mwambi wawo unali ndi miyendo iwiri.
Mzere woyamba unena, wachiwiri uyankha.
Onani wopalasa uyo:
phazi ili likatsika, linzake likwera,
njinga n'kumapita."

Ajasi anamva, njinga yake ili chotsamira chipupa.
"Ndilembereni wa miyendo iwiri."
Tinaupeka atatu, tikutafuna chinangwa chootcha:
Wakhama adzadya chonona,
waulesi adzanyambita chivundikiro.
Woyera, pamadigadi yakumbuyo.

Ndipo khama analidi nalo.
Ankadzuka kumzikiti asanaitane,
matumba atatu a makala kuchokera ku Chowe,
thukuta kuchita kulemba mapu a mchere pamalaya.
Ngongole ya njinga anali atatsala nayo miyezi iwiri
pamene lole ya miyala inaduka mabuleki pamtsetse.

Patatha masiku makumi anayi
Abiti Ndembo anabwera ndi madigadi ija m'chitenje,
yopindika ngati khoko la nthochi.
"Wongolani, mufufute.
Njinga ndigulitsa."
Tsidya la msewu msuweni wa malemu,
amene sanagwirepo khasu ngakhale mpini wake,
ankawerenga ndalama zochokera ku Joni
akunyambita mafuta a kanyenya m'zala.

Ndinatembenukira kwa Bambo Kalilangwe.
"Ahebri anu aja ananama,
ndipo ine ndinawathandiza ndi penti."

Anapukuta mandala nthawi yaitali.
"Iwonso anali ndi mitsetse yawo," anatero.
"Pakati pawo panali ena okana,
oti anaona wolungama akugona ndi njala
n'kufunsa mokweza, osachita manyazi.
Sanawapirikitse m'mudzi.
Mafunso awo anawasunga m'nyumba imodzi ndi miyambi,
ngati akazi a mitala osalankhulana
koma otunga pachitsime chimodzi."
Sizinandikwanire.
Sindikudziwa ngati iwo eni zinkawakwanira.

Ndinapala ndi mpeni, ndi mchenga, ndi palafini.
Penti anachoka.
Koma ukaipendeketsa padzuwa
zilembo zikuonekabe pachitsulo,
monga mkute wa chipsera pakhungu.
Mayiyo sanandifunse mtengo, ine sindinautchule.

Bambo Kalilangwe anasiya kubwera dzinja lathali.
Miyendo, akuti.
Katoni ija ndinaikhomera pamwamba pa chitseko,
ndipo sindinafunse kuti mawuwo akutanthauzanji.

Dzana kwabwera mnyamata wa ku Mpondasi,
ndevu sizinamere n'komwe,
akukankha njinga yomwe ndinaidziwa ndi kulira kwa tcheni.
"Achimwene, ndilembereni kenakake.
Kanzeru."
Ndinayang'ana chitsulo chija,
ndinayang'ana timiyendo take.
Mawu onse amene ndagulitsa zaka khumi ndi ziwiri
anaima pakhosi ngati munga wa chambo.

Ndinatsegula chitini.
"Wofiira," ndinafunsa, "kapena woyera?"