Kugula Usiku Wathunthu

Mwezi watha, pa phiri la kuseri kwa Vicuña,
batire lakale linandithawa pakati pa usiku.
Silinatsanzike n'komwe.
Kamota kotembenuza telesikopu kuti itsate thambo kanangoti zii,
nyenyezi zonse n'kutalika pa chithunzi
ngati mpunga wotayikira pansi.

Ndiye lero ndili m'sitolo ya Yasna ku La Serena,
kapepala m'manja, magalasi pamphuno.
Zaka makumi atatu ndinkawerengera anthu mpweya mu mgodi wa kopa;
sindilowa mumdima popanda masamu.

Kamota kamadya ngati mpheta.
Wadyera ndi kamera: imafuna kuzizira kuposa chipululu chenichenicho,
ndipo kuzizirako n'kolipira.
Pali kalamba kofunditsa galasi kuti mame asagonepo,
pali laputopu yosakhuta imene mdzukulu anandisiyira.
Zonse pamodzi, mawati makumi asanu ndi limodzi,
kuchulukitsa ndi maola khumi a mdima wa mu Juni.

"Muwonjezepo gawo la chisanu, Don Nibaldo," akutero Yasna.
"Chimadula msonkho wake musanayatse kanthu.
Nambala ya pa katoniyi anaiyesa m'chipinda chofunda
anthu amene sanachezerepo pa phiri."

Akundiikira atatu pa tebulo.

Loyamba ndi la mtovu, lakuda, lotchipa, lokhulupirika.
Ndikuligwira chigwiriro, msana n'kundikumbutsa za mgodi.
Kuchokera pamene galimoto imakanira
kukafika pa mwala wanga wafulati
ndi mapazi mazana anayi, okwera okhaokha.
Kale zigwiriro ziwirizi zinali ndi eni ake.
Herminia ankagwira cha kumanzere,
akudandaula njira yonse, osasiya.
Ndikulibweza pa tebulo.

Lachiwiri ndi la lithiyamu, lalikulu, lonyezimira,
mtengo wake penshoni ya miyezi iwiri.
Lili ndi mabowo a firiji, a wailesi, a ketulo.
Ine sindikupita kukachititsa ukwati.

Lachitatu n'lotuwa, lopanda mbiri,
kulemera kwake ngati mwana wa miyezi isanu ndi umodzi.
Ndikulifunsa mafunso ngati mkamwini.
Kodi mavoti khumi ndi awiri limawasunga mpaka kumapeto,
kapena limalefuka pang'onopang'ono, kamota n'kumadzandira?
Kodi likaona kuti akulikama pang'ono
limayesa kuti anthu apita, n'kudzigonera?
Yasna akuseka, akutsegula kabuku, akusonya ndi chala:
batani ili mukalisindikiza nthawi yaitali, silisinza.

Chilema chake n'chimodzi:
kagetsi kabuluu pamphumi, kolasa m'maso.
Munthu amadikira theka la ola kuti maso azolowere mdima,
kenaka kanthu ngati kanjere n'kumulanda zonse.
Yasna akudula tepi yakuda ndi mano,
akumata, sakundilipiritsa.

Tsopano ndili pa mwala.
Ndakwera ndekha, ndinapuma kawiri.
Batire ndalikulunga m'juzi ya Herminia, yobiriwira ija,
zingwe zikutulukira m'khosi.
Mlalang'amba wadutsa pamutu panga ngati fumbi la malole.
Kamera ikumeza kuwala dontho ndi dontho,
kuwala kumene kunanyamuka kwawo
phiri lino lisanapatsidwe dzina,
kwayenda osaima paliponse,
ndipo pofika pano kukudalira kabokosi kovala juzi
kuti kasagone.

Nkhandwe yabwera, yanunkhiza chikwama, yapita.
Khofi watha. Zala sindikuzimvanso.

Kum'mawa Nsangwe zatuluka.
Ndikumatula tepi pang'ono ndi chikhadabo:
timizere tiwiri tatsala.
Ndikumatanso.
Tiwiri n'tokwanira chithunzi china chimodzi,
mwina ziwiri, ndikazimitsa kalamba kaja
n'kupempha mame kuti achedweko.