Ndime ya Chitsime

Anandituma ndi tepi, cholembera chotafunidwa kumutu
ndi mapepala asanu a lamulo latsopano la khonsolo
lomwe tinaliphika mu ofesi, mazenera ali chitsekere.
Lakale lija linali mizere itatu basi,
lotayipidwa ine ndisanabadwe.
Silinkadziwa jumbo. Linkangoti usataye pamsewu.

Ndinatsika minibasi pa Lizulu
chifunga chisanachoke pa milu ya kabichi.
Kuseri kwa msika, kumene tomato wokanidwa amakagona,
ndinapeza Esinta Nangondo
m'magambuti a malemu mwamuna wake, akulu ndi zala ziwiri,
milu isanu ndi umodzi ikufuka ngati mauvuni a njerwa.
Makoko a mbatata, masamba a anyezi, ndowe, phulusa,
zonse zikuphunzira kukhalanso dothi.

Ndinayamba kuwerenga, mawu anga a mu ofesi aja.
Ndime yoyamba: kutentha kwa mulu kuyezedwe ndi chipangizo.
Iye anapinda dzanja la juzi,
nalowetsa mkono mpaka m'chigongono.
Uwu ndiutembenuza mawa, anatero. Uwo wagona, ukufuna madzi.
Chipangizo chanucho chili ndi chigongono?

Ndime yachiwiri: pakhale kaundula wa zolowa ndi zotuluka.
Anandilozera khoma la shedi,
timizere ta khala, wilibala imodzi kamzere kamodzi.
Mvula ya Januwale inanyambita miyezi itatu
koma akuti ili m'mutumu.

Pa ndime ya pulasitiki sitinakangane.
Anasolola jumbo yabuluu pakati pa manyowa akupsa,
yathunthu, dzina la sitolo likuwerengekabe.
Iyi ndi ngongole, anatero, siola.
Lembani zilembo zikuluzikulu.

Kenako ndime yachinayi.
Mulu utalikirane ndi chitsime mamita makumi asanu.
Anagwira yekha nsonga ya tepi, ine ndikubwerera chafutambuyo,
kutsetsereka motsatira kanjira ka madzi akuda
kotuluka pansi pa mulu wachitatu,
kowonda ngati chingwe cha nsapato.
Chidendene changa chinagunda simenti ya chitsime
pa makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri.

Pachitsimepo panali Dinala, akutsuka chigubu.
Mwana kumsana, maso akulu kuposa nkhope.
Dzinja lathali anagona naye masabata awiri kuchipatala, m'mimba.
Palibe amene ananena kuti ndi mulu uja.
Palibenso amene ananena kuti si mulu uja.
Dinala amagula manyowa kwa Esinta, ndowa imodzi pangongole,
ndipo amaimba kwaya imodzi.
Anapatsana moni mutu uli pansi.

Tepi inabwerera yokha m'chigoba chake, phwa!

Ndisamukire kuti? Esinta anafunsa, osati ine, mulu.
Kumtunda ndi manda.
Kutsidya kwa msewuku ndi Mozambiki.
Zaka khumi ndi chimodzi ndikusesera msikawu kumbuyo,
ntchentche zinkafika mpaka pa mbale za chipisi.
Ana anayi ndaphunzitsa ndi zoola.

Pepala langa linalibe yankho.
Tinalemba mtunda, sitinalembe malo.
Ndinakhala pa wilibala yopidiguka
ndi kulemba m'mphepete, mopendekera:
amene wauzidwa choka auzidwenso pita apa;
ngalande ndi dzenje la madzi akuda zikumbidwe mvula isanagwe;
mkono wa wodziwa uwerengedwe, chipangizo chikusowa.
Mamita makumi asanu sindinawakhudze.
Mwana uja ankandiyang'anabe.

Sindikudziwa ngati makhansala adzavomere.
Zolemba m'mphepete zimakonda kugwa potayipanso.
Esinta akudziwa zimenezo kuposa ine.
Akakana, anatero akundipimira theka la thumba,
mubwere nawo kuno mapepalawo.
Pepala limaola bwino, mukalinyowetsa.

M'minibasi anthu anandipatsa malo ochuluka.
Kondakitala anatsegula zenera osanena kanthu.
Pofika pa Mlangeni ndinaona pa ndime yachinayi
chidindo cha chala chakuda,
changa kapena chake, sindinathe kusiyanitsa.