Kachidutswa Koyamba

Kuno ku Oulu dzuwa la Novembala ndi mlendo waulesi.
Limafika phunziro lachiwiri likutha,
tikamatsuka mbale za nkhomaliro latsanzika kale.
Njinga zathu zimagona m'mizere kuseri kwa laibulale,
zishalo zitavala zipewa za chipale.

Ntchito yanga Lolemba lililonse ndi kumata mapepala.
Mayi Sirkku a ku ofesi ya uphungu amandipatsa makumi atatu,
selotepi, ndi sizasi yobuntha.
Pamwamba analemba kuti: Ngati zakulemera, bwera tidzacheze.
M'munsi ndimadulamo tizidutswa ngati mano a chipeso,
kalikonse kali ndi nambala ya foni ndi njira yake:
nsanjika yachitatu, chitseko chobiriwira, pafupi ndi chikepe.

Poyamba ndinkamata pa bolodi lalikulu la pakhomo,
pakati pa malonda a sofa yakale ndi chithunzi cha mphaka wosowa.
Sabata yathunthu, mano onse ali gwa.
Ndani angathothole pepala lotere anzake akuona?
Ndiye ndinasamukira kuzimbudzi,
kuseri kwa chitseko,
kumene munthu amatsala yekha ndi nkhope yake yeniyeni.

Ndinaphunziranso china:
palibe amafuna kukhala woyamba.
Choncho ndikamata, ndimathothola kamodzi ndekha,
pepala n'kutsala ndi mpata ngati mwana wogweluka dzino,
kuti wobwera pambuyo anene chamumtima:
kani tilipo awiri.

Ndipo amathotholadi.
Lachisanu ndimazungulira kuwerenga mipata.
Kwa a uinjiniya, isanu ndi iwiri.
Kwa ophunzira udokotala,
amene amadziwa dzina la fupa lililonse m'thupi,
chipeso chatha psiti.
Wina analemba ndi bolopeni m'mphepete: Kodi amauza makolo?
Ndinayankha pansi pake kuti ayi.
Sabata yotsatira, pansi pa ayi wanga,
panali kadontho kokha,
ngati munthu anayamba kulemba n'kusintha maganizo.

Ndinayamba ntchitoyi chifukwa cha Aapo.
Ankatiseketsa mpaka khofi kutulukira m'mphuno.
Mu Febuluwale anasiya kubwera m'kalasi.
Tinkati ndi ulesi, ena ankati wapeza chibwenzi,
mpaka tsiku limene amayi ake anabwera ndi galimoto
kudzatenga mabuku, zovala, ndi iyeyo.
Akuti ali kwawo ku Kuusamo. Foni sayankha.
Kapu yake idakali pa shelefu ya kukhitchini,
aliyense amaizemba potenga yake.

Dzulo ndikufufuza kiyi wa njinga m'thumba la jekete
dzanja linatuluka litadzaza tizidutswa,
toyamba tonse tija, kuchokera Seputembala.
Ndinaima pachipale ngati chitsa,
nambala imodzimodziyo ikundiyang'ana kambirimbiri.

Miyezi itatu tsopano tulo sindituona.
Buledi ndimadya chiimire, pamene ndakumbukira.
Amayi akaimba ndimakonza kaye kukhosi,
mawu ndimawapaka mafuta:
zonse zili bwino, mayeso akuyenda, kukungozizira basi.
Ndinkati ndikunamiza anthu kuti alimbe mtima
powauza kuti wina wathothola kale.
Kani sindinkanama.

Lero ndakwera pa masitepe.
Chikepe chikanafulumira kwambiri.
Pa nsanjika yachiwiri ndinamanganso zingwe za nsapato
zimene zinali zomanga kale.

Mayi Sirkku anatsegula, maso awo pa manja anga.
Mapepala atha kale, Tuuli?
Ndinati ayi, akadalipo.
Anandiyang'ananso, pang'onopang'ono ulendo uno,
kenako anachotsa mafayilo pampando wapawindo
n'kuthira madzi m'ketulo.
Sanandifunse kanthu mpaka madzi atawira.

Kunja kunali kutada kale, koloko isanakwane folo.
Ndinaika tizidutswa tonse patebulo, mulu waung'ono wonyowa,
ndipo ndinavula jekete.