Nsambo ya Buleki

Tinalipo khumi ndi awiri pabenchi
mu holo ya pa Boma ku Salima,
aliyense atafukata chake ngati mwana wodwala:
uyu bangwe, uyo kalimba,
ine kaligo wachikopa cha mng'azi wa ku Khombedza.

Kutatsala awiri kuti anditchule dzina,
nsambo inaduka.

Lufeyo, amene anandiposa chaka chatha ndi malikisi atatu,
sananene kanthu. Anatuluka.
Pazenera ndinamuona atagwadira njinga yake,
akusolola waya wa buleki
ndi pulayala yobwereka kwa mlonda.

Kaligo analira mawu achilendo tsiku limenelo,
osasa pang'ono, onunkha girisi.
Ndinaimba ya malemu amalume ija,
yodandaula mtengo wa thonje.
Woweruza wina anaika cholembera pansi,
kenaka anachitolanso.

Chikho chinapita ku Chipoka.
Ine wachinayi.
Lufeyo sanam'tchule n'komwe.

Pobwerera, pamtsetse paja,
ine pakaliyala, kaligo kumsana,
iye akukhwekhwereza patapata paphula,
akukalipira mbuzi za eni ake:
"Chokani inu!
Buleki yatsala m'nyimbo!"